Ophunzira Chijeremani azionera mafilimu popanda womasulira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi achinyamata amene akuphunzira Chijeremani ndi cholinga chobwera kuno ku Germany, kaya kudzaphunzira unamwino, kudzalera ana m'mabanja, kapena kudzapitiriza maphunziro. Ine ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zaka zitatu osamalira odwala ndi okalamba m'tauni ina kufupi ndi Hamburg, ndipo sipatha sabata osalandira uthenga pa WhatsApp wondifunsa buku labwino la galamala. Mabuku ndi ofunika, sindikukana, koma chimene chinatsegula makutu anga ndi mafilimu, ngakhale kuti poyamba ndinkawaonera molakwika.

Ndinafika kuno ndi satifiketi ya B1, yosonyeza kuti Chijeremani changa chafika pa mlingo wapakati, m'chikwama, ndikudziyesa katswiri. Sabata yoyamba, mayi wotiyang'anira pantchito anandiuza kuti mawa lake ndifike nthawi ya "halb acht". Ndinatola liwu lotanthauza theka ndi lotanthauza 8, ndipo ndinafika 8:30 mtima uli m'malo, osadziwa kuti ndachedwa ndi ola lathunthu, chifukwa Ajeremani amawerenga theka lolowera ku ola likubweralo, moti mawuwo amatanthauza 7:30. Lamulo limeneli linalimo m'buku langa ndipo pamayeso ndinalikhoza, koma khutu linali lisanazolowere kuligwira pakamwa pa munthu wofulumira amene akulankhula kwinaku akutseka chitseko. Apa m'pamene filimu imaposera buku, pakuti m'filimu anthu amameza mawu, amadulana pakamwa, amang'ung'udza ndi kukalipa monga momwe amachitira pabasi ndi m'wodi.

Vuto lathu ndi lakuti tinazolowera kuonera filimu pali munthu pakati. M'mavidiyo sho a m'misika mwathu, womasulira amalankhula pamwamba pa mawu a ochita sewero, n'kumathiramo nthabwala zake, ndipo ife timaseka mpaka kugwira nthiti osamva liwu ndi limodzi lomwe la eni filimuyo. Pachisangalalo palibe cholakwika. Koma wophunzira amene amaonera filimu ya Chijeremani atayatsa mawu a Chingerezi m'munsi mwa kanema ndiye kuti waitananso womasulira yemwe uja, kungoti wabwera atavala jekete. Maso amathamangira kuwerenga, makutu n'kugona. Ine ndinachita zimenezi kwa miyezi ingapo ndili ku Lilongwe, ndikutha ndalama zogulira bandulo, ndipo chimene ndinapindula ndi kuwerenga Chingerezi mofulumira basi.

Chimene chinandithandiza pambuyo pake ndi kuyatsa mawu a m'munsiwo m'Chijeremani momwemo, komanso kusiya dyera lofuna kumaliza filimu yonse usiku umodzi. Ndimatenga kachigawo ka mphindi khumi n'kukaonera katatu: koyamba popanda mawu olembedwa, kuti ndione zimene khutu likutola palokha, kachiwiri ndi mawuwo, ndikuimitsa pamene ndasokera, kachitatu ndikulankhula motsatira wochita sewero, mokweza ndithu, ngakhale a m'nyumba aziganiza kuti mutu wasokonekera. Kubwerezaku n'kofunika kwambiri pa Chijeremani chifukwa cha mmene chiganizo chimamangidwira. Nthawi zambiri mneni amakakhala kumapeto kwenikweni, ndipo aneni ena amathyoka pawiri, monga "anrufen", kuimba foni, amene chidutswa chake chakuti "an" chimakatulukira kothera kwa chiganizo. Munthu wosazolowera amayankha mnzake asanafike pa liwu limene lanyamula nkhani yonse. Filimu imaphunzitsa kudikira kumeneku kuposa mphunzitsi aliyense.

Ongoyamba kumene asalimbane ndi mafilimu akuluakulu. Wailesi ya Deutsche Welle inakonza sewero la ophunzira lotchedwa Nicos Weg, lonena za mnyamata wa ku Spain amene wangofika ku Germany n'kutaya chikwama chake, ndipo limayenda kuchokera pa A1, mlingo wa ongoyamba kumene, mpaka B1. Ndi laulere pa intaneti, ndipo zigawo zake n'zazifupi moti foni yotsala pang'ono kuzima magetsi atathima ikhoza kumaliza chimodzi.

Koma phindu lalikulu la mafilimu, mwa kuona kwanga, lili pa zinthu zimene galamala imangozitchula m'mzere umodzi. Chijeremani chili ndi "du" ndi "Sie", monga ife tili ndi "iwe" ndi "inu", ndipo poyamba ndinkaganiza kuti apa ndiye palibe chondivuta. Ndinadzaona kuti malire ake ndi osiyana ndi athu. Mwana wa Chijeremani amanena "du" kwa bambo ake ndi kwa agogo ake omubereka, zimene kwathu zingaitanitse msonkhano wa banja, pamene anthu awiri amsinkhu umodzi akhoza kuyandikana nyumba zaka zambiri akuitanabe "Sie". M'mafilimu ndinayamba kuona kamphindi kamene wamkulu amauza wamng'ono kuti tsopano tizingoti "du", ndi mmene nkhope ya winayo imasinthira, ndipo ndinamvetsa kuti chimenechi munthu sadzipatsa yekha, amachita kupatsidwa. Kuntchito kwathu anamwino timaitana "du" tokhatokha, koma agogo amene timawasambitsa ndi kuwadyetsa timawatchula "Sie" ndi dzina la banja, ngakhale atayamba kuiwala kumene ali.

Mbiri ya dziko nayo imalowa bwino kudzera m'filimu. Ndinkadziwa kuti khoma la Berlin linagwa pa 9 Novembala 1989 ndi kuti mayiko awiri a Germany, la kum'mawa ndi la kumadzulo, anaphatikizana pa 3 Okutobala 1990, koma amenewa anali madeti a pamayeso chabe mpaka nditaonera Good Bye, Lenin! ya Wolfgang Becker, imene inatuluka mu 2003. M'filimuyi mayi wa ku East Berlin akukomoka khoma lisanagwe n'kudzatsitsimuka dziko lake likutha, ndipo mwana wake, poopa kuti mtima wa mayiyo ungaime, akuthira zakudya zatsopano m'mabotolo akale ndi kukonza nkhani zabodza za pa kanema kuti aoneke ngati palibe chasintha. Nditaitchula kwa mnzanga wina wa pantchito amene anakulira ku Rostock, mzinda umene unali m'dziko la kum'mawa lija, munthu wosakonda kucheza, anandifotokozera kwa nthawi yonse yopuma mmene makolo ake anatayira ntchito m'zaka zimenezo. Ife amene makolo athu amasimba za kusintha kwa 1993 ndi 1994 sitivutika kumva nkhani ya anthu amene anakondwera ndi ufulu koma ena mwa iwo akusowabe zina za kale.

Palinso Tatort, sewero la apolisi ofufuza milandu limene lakhala likuonetsedwa kuyambira 1970, Lamlungu nthawi ya 8:15 madzulo pa kanema wa ARD. Si lophweka, ndipo sindingalimbikitse munthu amene sanafike B1. Ubwino wake ndi wakuti magulu a apolisiwo ali m'mizinda yosiyanasiyana, kuphatikizapo ya ku Austria ndi Switzerland, choncho khutu limazolowera kuti Chijeremani si chimodzi. Kuno kumpoto amalonjerana kuti "Moin" ngakhale madzulo, ku Bavaria ndi ku Austria amati "Grüß Gott", pamene ku Switzerland amati "Grüezi".

Ndichenjezepo pa zinthu ziwiri. Ajeremani amakonda kuika mawu a chilankhulo chawo m'mafilimu a ku America, ndipo ngakhale mafilimu oterewa amamveka bwino, mawu olembedwa m'munsi kawirikawiri sagwirizana ndi olankhulidwa, komanso saonetsa moyo wa ku Germany. Chachiwiri, apolisi ndi zigawenga za m'filimu zimatukwana kwambiri, ndipo liwu lomveka lokoma pakamwa pa wochita sewero likhoza kukuchititsani manyazi pamaso pa wokulembani ntchito, choncho liwu lachilendo muzifufuza kaye musanaligwiritse ntchito.

Pempho langa likupita kwa eni sukulu zophunzitsa Chijeremani m'mizinda yathu, zimene ophunzira amalipira ndalama zambiri. Patulani madzulo amodzi pa sabata, sonkhanitsani ophunzira pa kanema mmodzi, onetsani kachigawo kakafupi kawiri kapena katatu ndi mawu a Chijeremani m'munsi, kenako aliyense afotokoze m'Chijeremani zimene waona. Mayeso a Goethe-Institut, bungwe la ku Germany lopereka masatifiketi a Chijeremani, ali ndi gawo lomvetsera ndi gawo lolankhula, ndipo ophunzira ambiri sangakwanitse bandulo yoonera zimenezi aliyense payekha kunyumba.

Ndine wowerenga wanu,
Wophunzira unamwino,
Hamburg, Germany