Kalata kwa mwana wanga pa za kampani ya masewero ija

Mwana wanga,

Amayi ako akupereka moni. Kuno ku Area 25 tili bwino, koma ine tulo sindikupeza. Ndamva kuti ndalama zako zija unkasungira puloti wazipereka kwa mnzako uja kuti mukuzire kampani ya masewero a pa intaneti, ndipo palibe chimene mwasainirana. Ngati n'zoona, usakwiye kaye, werenga mpaka kumapeto.

Ntchito yako sindikuinyoza. Ukadali ku sekondale unkachezera pa kompyuta mpaka tambala woyamba, ndipo luso ulinalo. Funso langa ndi limodzi: kampaniyo ndi ya ndani? Usandiyankhe kuti "ndi yathu tonse". Mawu amenewo ku banki ndi ku khoti sawamva.

Muuze akuonetse satifiketi yochokera ku ofesi ya boma yolembetsa makampani. Ngati anangolembetsa dzina la bizinesi m'dzina lake, zonse ndi zake, iwe ndiwe waganyu wosalipidwa. Chofunika ndi kampani ya limited yolembetsedwa motsatira Companies Act ya 2013, ndipo dzina lako lilembedwe m'kaundula wa eni masheya pamodzi ndi chiwerengero cha masheya ako. Uone ndi maso ako, osati chithunzi cha pa WhatsApp.

Ngakhale dzina lako likhalemo, ukhoza kuchepetsedwa uli maso. Tinene kuti masheya alipo 1,000, iwe 500 iye 500. Akabwera wina ndi ndalama, kampani n'kumutulutsira masheya atsopano 1,000, ako akadali 500 omwewo koma tsopano uli ndi gawo limodzi mwa magawo anayi basi. Mnzakoyo akagwirizana naye, mawu ako atha. N'chifukwa chake pamafunika mgwirizano wolembedwa ndi loya: masheya atsopano asatuluke popanda siginecha yako, wofuna kugulitsa ake ayambe wauza mnzake, ndipo wochoka msanga asanyamule theka lonse. Makampani ambiri a zamakompyuta amagawa masheya pang'onopang'ono kwa zaka zinayi pa chifukwa chimenechi. Ndalama wapereka kalezo zilembedwenso: ndi ngongole yodzabweza kapena ndi mtengo wa masheya? Sankhani chimodzi, mulembe.

Tsopano kumene ndalama zimadutsa. Akaunti yoikira masewero pa Google Play, msika wa mapulogalamu a pa foni, imatsegulidwa ndi madola 25 okha, koma amene ali ndi imelo ndi pasiwedi yake ndiye wagwira masewerowo. Akakutsekera kunja, sungasinthe kanthu ngakhale unawapanga ndiwe. Akauntiyo ikhale ya kampani. Ku banki nakonso, akaunti ya kampani, osainira awiri. Zolandirira ndalama za kampani pa Mpamba kapena Airtel Money ya foni yake zithe. Sindikuti ndi wakuba. Koma ndi mnyamata yemwe uja anakubwereka njinga n'kuibweza yopanda tcheni, osapepesa n'komwe, iwe n'kumamuikira kumbuyo. Mtima wako wofewawo ndimaukonda, koma usalowe nawo m'mabuku a ndalama.

Ndipo usatengeke ndi chiwerengero cha anthu otsitsa masewerowo. Ambiri amasewera ulere, olipira ndi ochepa. Pa zimene agula, Google imayamba yachotsa gawo lake, 15 kapena 30 pa 100 iliyonse. Ma seva, makompyuta osunga masewerowo pa intaneti, mumalipira m'madola mwezi ndi mwezi, kaya mwapeza phindu kaya ayi. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene amalandira makwacha n'kumalipira madola anadzuka ngongole itakula. Kenaka MRA: kampani ikhale ndi nambala yakeyake ya msonkho (TPIN), ndipo msonkho wa phindu la kampani ndi 30 peresenti. Uziona sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse. Uziiona wekha, mwana wanga, osangouzidwa.

Khodi unalemba ija (malangizo a kompyuta oyendetsa masewerowo), zithunzi ndi nyimbo za m'masewerowo, mwini wake ndani? Alexey Pajitnov anapanga masewero a Tetris ku Moscow cha m'ma 1984, dziko lonse linasewera, koma iye anayamba kulandirapo ndalama mu 1996 chifukwa umwini unali m'manja mwa boma. Iwe usapereke khodi yako ku kampani masheya ako asanalembedwe. Ziwirizi zisainidwe tsiku limodzi. Wojambula zithunzi ndi woimba nawonso asaine kuti agulitsa ntchito yawo ku kampani, apo ayi adzabwera kudzaitanitsa zinthu zikadzayamba kuyenda.

Usaonjezere tambala ina iliyonse, ndipo za katapila usaziganize n'komwe. Bwera Loweruka ndi satifiketiyo, sitetimenti za miyezi itatu ndi mauthenga osonyeza ndalama unatumiza. Mnzakoyo akafuna abwere, tikambirane bwinobwino. Akakana kutulutsa mapepala, undiimbire tsiku lomwelo.

Ndine,
Bambo ako