Shelefu ya m'boti si ya kukhitchini, akalipentala anzanga

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi akalipentala anzanga, a kuno ku Joni ndi akumudzi omwe. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota koma pano ndikukhala ku Rosettenville. Johannesburg ilibe nyanja, komatu maboti ali mbwee m'mayadi mwa anthu, Loweruka amawakoka pa thirela ulendo wa ku Vaal Dam kapena ku Hartbeespoort, ndiye maganyu ena okonza mkati mwake amagwera ifeyo Amalawi.

Mwezi wathawu bwana wina anandiitana kuti ndikaone kachipinda ka m'boti mwake. Zimene ndinapezamo zinandiwawa kwabasi. Munthu anakhomamo mashelefu a chipboard, matabwa aja opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomata ndi guluu, atafufuma ngati buledi wogwera m'tiyi, masikuluu atachita dzimbiri mpaka kusiya mizere yofiira pakhoma, kungokanda ndi chala basi zonse yoyoyo. Ndipo anandiuza kuti anapangayo ndi wakwathu. Apa ndi pomwe ndinagwa nkhope, chifukwa kuno akalakwitsa mmodzi timatchulidwa tonse.

Abale anga, m'boti mulibe khoma lowongoka. Sikweya ndi levulo zomwe timadalira m'nyumba zija muno zimakunamizani, boti likakhala pa thirela limapendekera kwina, likalowa m'madzi lakhalanso mwina. Ine ndimayamba ndi katoni, kuidula pang'onopang'ono ndi sizasi mpaka itagona bwinobwino pa khoma lokhota lija, kenako ndi pomwe ndimajambula pa thabwa, ndipo mbali yakumanja ndi yakumanzere iliyonse katoni yakeyake chifukwa sizifanana ngakhale maso akuuzeni kuti n'zofanana. Zimadya nthawi inde, tsiku lathunthu litha kupita osacheka kanthu, koma thabwa la marine ply, pulayiwudi yopirira madzi ija, ndi lodula, simungamaliyesere.

Thabwa likhale marine ply ya mamilimita 9 kapena 12, m'mphepete mwake mumate epoxy, guluu wolimba wosalowa madzi, kenako vanishi chifukwa madzi amalowera m'mphepetemo. Masikuluu akhale a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, makamaka a mtundu wa 316, osati akuda aja timakhomera siling'i. Ndipo chonde chonde osaboola khoma la boti! Ngati ndi la fibreglass matani timatabwa ndi epoxy, shelefu ikhale pa timatabwato.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kampanda kakutsogolo. Aliyense amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera, June kapena July, akudziwa mmene kapu imathawira patebulo. Shelefu yopanda kampanda ka masentimita 5 kapena kuposa ndiye kuti funde loyamba lomwe mapoto, shuga, tochi zonse zili pansi. Ine kampandako ndimakonda kupangira mlombwa, kuno amautcha kiaat, fungo lake ndikamapala limandikumbutsa shedi ya malume anga komwe ndinaphunzirira kugwira puleni. Makona onse muwazungulize ndi sandipepa, boti likagwedezeka munthu amagwera pomwepo ndi nthiti kapena chipumi. Kumbuyo musiye mpata wolowa chala kuti mpweya uziyenda, apo ayi nkhungu imanga mudzi. Zolemera ngati mabatire ndi zitsulo zikhale pansi, pamwamba ndi pa zovala ndi tinthu topepuka.

Akonzi, nkhaniyi ikukhudzanso kwathu. Maboti amatabwa onyamula anthu kunyanja kwathu kuja katundu amangounjikidwa pansi pomwe pamakhala madzi, ufa kunyowa, mafoni kunyowa, makope a ana asukulu kunyowa, pomwe kashelefu kamodzi kokhala ndi kampanda kutsogolo kwa boti kangapulumutse zonsezi. Ndikupempha a TEVETA kuti ana ophunzira ukalipentala m'maboma a m'mbali mwa nyanja ngati Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay aziwalowetsako m'boti ndi katoni ndi sizasi asanalandire satifiketi. Ine ndikabwera ku holide mu December ndili wokonzeka kuonetsa achinyamata a kwathu mmene timadulira katoni ija, ulere.

Kalipentala wa ku Rosettenville,
Johannesburg