Kwa eni sitolo ya mfuti: ndinalipira chitsulo chosachita dzimbiri, mwandipatsa penti

Ndikulemba poyera chifukwa njira zonse zaulemu ndayesa. Ndaimba foni kanayi, ndatumiza maimelo awiri okhala ndi zithunzi, ndipo Loweruka lapitali ndinabwera ndekha n'kukhala pa benchi yanu kuyambira m'mawa mpaka munatseka, abwana osatuluka mu ofesi. Dzina la sitolo sinditchula, koma mukudzidziwa, ndipo uthengawu ndakutumiziraninso pa tsamba lanu. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Amene anandigulitsa mfutiyi ndi m'bale wathu wakumudzi amene amaima pa kauntala panu, ndipo ife Amalawi a kuno ku Joni timalowa m'sitolo mwanu chifukwa chomukhulupirira iyeyo. Achimwene, muwamasulire abwana anu zonsezi, musachotsepo kanthu.

Tsiku limene ndinabwera koyamba, mu February chaka chatha, sindinabwere ngati munthu wongoyang'ana katundu. Ndinakufotokozerani kumene ndimasaka. Alamu anga ndi kapitawo pa famu ina ya nzimbe ndi chimanga kufupi ndi Richmond ku KwaZulu-Natal, ndipo mwini famuyo amatipatsa chilolezo cholemba kuti tizimuthandiza kuchepetsa nguluwe zimene zimamuthera mbewu. Dera limenelo si Johannesburg kumene mphepo imakhala youma, zovala n'kuuma pa chingwe pasanathe maola awiri. Kumeneko kumakhala nkhungu yokhuthala ndi kamvula kamawawa kosaleka, kofanana ndi chiperoni cha kwathu ku Thyolo. Aliyense amene anakulira m'minda ya tiyi akudziwa chimene chiperoni chimachita ndi chikwanje chogona panja. Nguluwe nazo siziyenda dzuwa likuswa mtengo. Umazidikira usiku, utakhala m'mame, mfuti ili pamiyendo.

Ndiye ndinanena zinthu ziwiri momveka. Choyamba, ndikufuna mfuti ya .308 Winchester (dzina la mtundu ndi kukula kwa chipolopolo chake). Ndinasankha imeneyi chifukwa zipolopolo zake zimapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse ya mfuti muno mu South Africa, siikankha phewa kwambiri ngati zazikuluzikulu zija, ndipo chipolopolo cholemera magireni 150 kapena 180 chimakwanira bwino pa nguluwe, nswala, ngakhale ngoma ukalunjika pabwino. Munayesa kundikopa ndi .30-06 imene inali pa mtengo wotsika, ndinakana, ndipo pamenepo tilibe mlandu. Chachiwiri, ndinati mpope wake ndi zitsulo zake zikhale za stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chogwirira chake chikhale cha pulasitiki yolimba osati thabwa, chifukwa thabwa likamwa madzi limafufuma, limakankha mpope, chipolopolo n'kumagwa pena pamene sunalozepo. Achimwene, munatsitsa mfuti yotuwa ngati siliva pa khoma n'kundiuza kuti, "Iyi ndiye yanu bambo, ndi stainless yonse, ngakhale mutagona nayo pa mvula palibe chimene ingachite." Mawu amenewa sindinawaiwale, ndipo mwana wanga wamkulu amene ndinali naye anawamvanso. Pa lisiti munalembapo kuti "all weather", kutanthauza yopirira nyengo iliyonse. Ndinalipira R26 500, pamene ina yakuda ya mtundu womwewo inali yotsikirapo ndi ndalama zoposa R4 000. Kusiyana kumeneko ndinalipirira chiyani ngati si chitsulocho?

Anzanga amene simunagulepo mfuti kuno, dziwani kuti si nkhani yolipira n'kunyamula. Lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limafuna kuti ukhale nzika kapena ukhale ndi chiphaso chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, uchite maphunziro, ulandire chikalata cha kupolisi chotsimikiza kuti ndiwe woyenera kugwira mfuti, uike sefu yovomerezeka m'nyumba, kenako upemphe laisensi ya mfuti yeniyeniyo imene wagula, yolembedwa nambala yake. Nthawi yonse ukudikirayo mfuti imakhala yotsekeredwa kwa wogulitsa. Ine zimenezi sindidandaula nazo, mfuti si choseweretsa. Laisensi yanga, ya mlenje wa apo ndi apo pansi pa gawo 15, inatuluka mu October, ndipo ndi pamene munandipatsa mfutiyo m'manja. Sungani mwezi umenewu, tiubwereranso.

Mu December ndinapita ku famu kuja, ndinakhalako masiku khumi. Mvula yamawawa inagwa pafupifupi tsiku lililonse. M'mawa uliwonse ndikabwera kutchire ndinkaipukuta kunja konse ndi kansalu kamafuta. M'kati mwa mpope ndinapititsamo kansalu kawiri kokha pa masiku onsewo, ndipo izi ndikuvomera ndekha kuti musadzanene kuti ndinabisa. Alenje ambiri sakonda kusiya mafuta mu mpope ali pa ulenje chifukwa chipolopolo choyamba chimatha kuphonya pang'ono, komanso ine ndinali ndi mawu anu aja m'mutu. Chikhala kuti munandiuza zoona, bwenzi ndikuitsuka ndi kuipaka mafuta m'bandakucha uliwonse monga ndinkaonera agogo anga akuchitira ndi gogodela wawo.

Usiku wachisanu ndi chinayi ndinawombera nguluwe imodzi, inagwa pomwepo. Pokoka bolt, kachitsulo kotsegulira ndi kutsekera mfuti, kuti ndilowetse chipolopolo china, chikhokho cha choyamba chija chinakanirira, ndinachita kukoka ndi mphamvu zonse. Taganizani chikhala kuti nyamayo inangovulala n'kutembenukira kwa ine kapena kwa alamu anga. Nguluwe yovulala siithawa nthawi zonse, ndipo mano ake amang'amba mwendo ngati mpeni. Pamene pandipweteka kwambiri mtima ndi pamenepa, kuposa ndalama.

Nditabwerera ku Joni ndinapita nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka, munthu wachikulire amene alibe chidani chilichonse ndi inu. Analowetsa kakamera kake mu mpope n'kundionetsa pa kompyuta. Dzimbiri lofiira m'chipinda mmene mumakhala chipolopolo, timaenje ting'onoting'ono tayamba kale kudyeka, linanso kukamwa kwa mpope ndi pansi pa zitsulo zogwira galasi loyang'anira. Kenako anachotsa chogwirira, anapeza kamalo kobisika kopanda penti, n'kudonthezapo mankhwala aja amadetsera zitsulo za mfuti. Panada nthawi yomweyo. Anandifotokozera kuti mankhwalawo sagwira pa stainless. Chitsulo cha stainless chimene amapangira mipope chimakhala ndi chromium pafupifupi magawo 12 kapena 13 pa 100 alionse, ndipo ndi ameneyo amateteza chitsulo ku dzimbiri. Chitsulo wamba cha mipope, chija amati chrome-moly, chili ndi chromium pafupifupi gawo limodzi lokha pa 100. Yanga ndi ya chitsulo wambachi, yongopakidwa penti wolimba wotuwa kunja. Pentiyo ndi wabwino ndithu pamene wafika, koma m'kati mwa mpope ndi m'chipinda cha chipolopolo salowamo. Titayang'ana nambala ya mtundu wake pa bokosi n'kufananiza ndi kabuku ka opanga, tinapeza kuti iwo sananamepo: analemba okha kuti ndi chitsulo wamba chopaka. Bodza linabadwira pa kauntala panu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa kuti stainless nayo imachita dzimbiri ukaitayirira, makamaka ikakhudzana ndi thukuta kapena mphepo ya kunyanja. Abwana anu anandiuza zimenezi pa foni ngati kuti akundiphunzitsa chachilendo. Koma mlandu wanga si wakuti dzimbiri liliko pa dziko. Mlandu wanga ndi wakuti ndinapempha chinthu china, ndinalipira mtengo wa chinthu chimenecho, ndinafotokoza ntchito yake, inu n'kundipatsa china.

Mayankho anu ndi amene andifikitsa pano. Poyamba munati ndi kusasamala kwanga. Nditatumiza kalata ya mmisiri uja munasintha, mukuti nthawi yobwezera katundu inatha chifukwa ndinalipira mu February. Ayi, abwana. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 56 limapereka miyezi isanu ndi umodzi kuyambira tsiku limene katundu waperekedwa kwa wogula, osati tsiku lolipira. Kuyambira February mpaka October mfutiyo inali m'sefu mwanu, ine sindinailawe n'komwe. Miyezi yanga ikutha mu April, ndipo ndayamba kuona ngati kuzengereza konseku n'kofuna kuti tifike kumeneko. Gawo lomwelo likuti wosankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubweza ndalama ndi wogula, osati wogulitsa. Gawo 55 likunenanso za munthu amene wauza wogulitsa ntchito yeniyeni imene akufunira katunduyo n'kudalira uphungu wake, ndipo gawo 41 limaletsa kunena zabodza kapena zosocheretsa za katundu. Zonse zitatuzi zikundikhudza.

Dzulo mwanditumizira uthenga woti ndibweretse mfutiyo muipukute mwaulere ndipo mundipatse kabotolo ka mafuta. Mafuta ndili nawo. Timaenje tadyeka m'chitsulo sitibwerera ndi kupukuta, ndipo ngakhale mutaipukuta iwale ngati galasi, siisanduka stainless.

China chimene mukuchita ngati simukuchiona n'chakuti mfuti si malaya oti ukapeza ndi aang'ono ukasinthe madzulo omwewo. Laisensi yanga inamangidwa pa nambala ya mfuti iyi. Mukandipatsa ina, ndiyambiranso kulemba mafomu, kujambulitsa, kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene ndikuifunira, kupita kupolisi, n'kudikiranso. Ngakhale kungosintha mpope wokha si nkhani yapafupi, chifukwa pa lamulo mpope paokha amauwerenga ngati mfuti. Ndiye kuti mawu amodzi osaona amene munalankhula kuti mugulitse msanga andidyera nyengo yathunthu ya ulenje. Ndine dalaivala wa thiraki, ndalama imeneyi ndinasonkhanitsa kwa zaka ziwiri, kwinaku ndikutumiza ya feteleza ndi ya fizi kumudzi.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Mulandire mfutiyi ibwerere m'buku la sitolo yanu motsata lamulo, ndipo mundibwezere R26 500 yanga yonse. Ngati mukufuna tikhalebe pa ubale, mundipezere .308 ya stainless yeniyeni, yolembedwa choncho pa lisiti pamodzi ndi nambala ya mtundu wake, muisunge osandilipiritsa ya kusungira pamene ndikudikira laisensi yatsopano, ndipo ndalama zopemphera laisensiyo zikhale zanu. Muchotsenso kachikwangwani ka "stainless" kamene Loweruka ndinakaona kakadali pa mfuti ziwiri za mtundu womwewu pa khoma panu, munthu wina asanagwe m'dzenje lomweli.

Achimwene a pa kauntala, inu sindikukufunirani zoipa ndipo sindikufuna kuti ntchito ikuthereni. Mwina nanunso anangokuuzani choncho, munangoona mtundu wotuwawo. Ngati ndi mmene zinalili, nenani zoona kwa abwana anu kuti mawu aja munandiuzadi.

Ndikupatsani masiku asanu ndi awiri kuti mundiyankhe molemba, osati pa foni. Akadutsa, ndikatula nkhaniyi kwa Consumer Goods and Services Ombud komanso ku National Consumer Commission, mabungwe omva madandaulo a ogula. Lisiti, zithunzi za kakamera kaja, kalata ya mmisiri ndi mauthenga anu onse ndaika kale mu envelopu imodzi.