Lumo langa ndi ulusi wa agogo

Zomba, Lachiwiri usiku

Mwali wanga Eneless,

Katundu wafika. Anabwera naye Lonjezo Loweruka ali wotheratu, akuti pa Mwanza anakhalitsa. Nsapato zamukwana Tamanda, koma jekete langa manja anatalika, ndawapinda kale pa makina. Zikomo kwambiri. Koma ka flash ka makatuni kaja, iwe, unakaonera usanatumize? Undiuze zoona, paja kuyambira ku Fomu 2 ukangomva nyimbo yokoma zina zonse sufunsa.

Unalemba kuti muli filimu ya Mulungu ya ana. Nanenso ndinakhulupirira, chifukwa itangoyamba panatulukira azimayi asanu akuyimba ngati kwaya ya pa chitsitsimutso, mpaka ndinkavomereza ndili kukhitchini. Ndikubwera ndi tiyi ndikupeza kuti ndi Hercules ya Disney ya 1997, milungu yake ndi ya Agiriki akale. Abusa atandimva ndikudandaula Lamulungu anandikumbutsa kuti Zeus ameneyu ndi yemwe uja wa pa Machitidwe 14, pamene anthu a ku Lystra anatcha Barnaba kuti Zeus, Paulo kuti Hermes, atumwiwo mpaka kung'amba zovala zawo.

Zilombo zija sizinamuvute kwambiri. Galu wa mitu itatu anangomuseka. Chinjoka chija Hydra, chomwe ukachidula mutu imamera ina yambiri, chinamumeza Hercules wathunthu, iye n'kudzicheka njira ali m'kati mwa khosi, madzi obiriwira ali chuchuchu. Apo Tamanda anabisala kumbuyo kwa Chifundo, komabe diso limodzi lili pa TV. Ngakhale Hades uja, mulungu wa akufa, wa tsitsi la moto, lobuluwu koma likufiira akakwiya, anapirira naye.

Chimene chatisowetsa tulo ndi nkhalamba zitatu zija. Zimabwerekana diso limodzi, ina kulizula n'kupatsa inzake. Ina ikukoka ulusi wa moyo wa munthu, ina ikubweretsa lumo. Kungoti phwa, kukumveka mayi akukuwa, mzimu wake n'kudutsa kupita kumalo a akufa. Eneless, lumo limenelo ndi ngati langa lakuda lija unandisiyira. Mawa lake ndikumaliza diresi ya aNabanda, ndatenga lumo kuti ndidule ulusi pa mpendero, mwana anakuwa kukhonde kuno mpaka amake Dalitso anathamanga atanyamula chipande. Wandigwira dzanja, akunjenjemera, akuti amayi musadule, afa munthu.

Lero ndi tsiku lachinayi. Ulusi ndikumadula ndi mano akakhala pafupi. Lumo ndalipeza kawiri atalibisa m'thumba la ufa. Ndili ndi mayunifolomu khumi ndi awiri ofunika sukulu isanatsegulidwe, ndiye ndidula bwanji nsalu? Ndikudikira agone, koma magetsi nawo akumathima nthawi yomweyo, ndipo makandulo akwera mtengo.

Dzulo ndikumusambitsa anandifunsa kuti ulusi wa agogo anadula ndani. Ndinangoti kakasi, sopo ali m'manja. Chiwaikireni mayi sanafunsepo chilichonse, ngakhale tsiku la maliro ankangosewera ndi anzake kuseri, ife n'kumati ndi mwana sakudziwa kanthu. Kani zonse anazisunga mumtima. Ndinamuuza kuti moyo wa munthu uli m'manja mwa Mulungu, kulibe nkhalamba za lumo. Iye akuti nanga Hercules uja analowa m'madzi a mizimu, khungu likukwinyika ngati wokalamba, n'kukamutenga chibwenzi chake Meg, bwanji ife sitinapite kukawatenga agogo? Ndinatuluka panja kukalira, madzi ake mpaka anazizira m'bafa.

Sindikukwiyira ayi, usandimve molakwa. Mwina bwenzi mpaka lero ndisakudziwa zomwe zili mumtima mwa mwanayu. Chifundo akuti ndimuonetsenso kumapeto, pamene ulusi wa Hercules ukusanduka wagolide lumo n'kulephera kuudula, kuti mwina mantha atha. Ine ndikuopa kuti akaona zimenezo adzafunsa chifukwa chake wa agogo sunasanduke. Iwe ukuona bwanji? Paja mayi ankati iwe ndiye wodziwa kuyankhula ndi ana.

Ndinatsala pang'ono kuiwala, chinkhoswe cha Mphatso chilipo mwezi wamawa, ndipo malume agulitsa munda wa kudambo uja osauza aliyense. Ndidzakufotokozera bwino. Ukamatumizanso katundu uikemo masingano a makina a nambala 14, akuno akungothyoka. Makatuni uyambe waonera wekha mpaka kumapeto, osati nyimbo yoyamba yokha.

Pa Khirisimasi ubwera? Manda a mayi sitinaikebe mwala, ndipo ndimafuna kuti tsikulo iwe ukhalepo, chifukwa Tamanda akadzafunsanso ine ndekha sindi... wadzuka, akundiitana kuchipinda, kandulo nayo yatsala kachidutswa.

Ndine wako,
Amake Tamanda