Kalata kwa mwana wanga amene wasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo

Mwana wanga wokondedwa,

Ine ndi amayi ako tili bwino, ndipo tikukhulupirira kuti iwe, apongozi athu ndi adzukulu muli ndi moyo. Uthenga woti mpingo wanu ku Lilongweko wakusankha kukhala mkulu wa mpingo tinaulandira ndi chimwemwe, koma nkhani ya achinyamata imene unaikhudza pa foni ija ndi yaikulu, n'chifukwa chake ndaona kuti ndikulembere.

Unadandaula kuti anyamata ndi atsikana akangomaliza kalasi, maphunziro aja okonzekera kukhala mkhristu wa mpingo, n'kuyamba kudya Mgonero amazilala, ena n'kupita ku mipingo yatsopano, ena n'kumangokhala pakhomo Lamulungu. Akulu ambiri amaloza chala mafoni, magitala ndi kavalidwe, koma ine ndikuona kuti gwero la vutoli lili kwa ife akulu. M'mipingo yambiri mwana amadziwana ndi mkulu wa mpingo pa tsiku limene walakwa. Mtsikana akatenga pakati, akulu amasonkhana msanga, buku la malamulo a mpingo la Zolamulira limatsegulidwa, chilango chimaperekedwa, koma palibe amene amafunsa kuti pa zaka zonse zapitazo ndani mwa akuluwo anapondako pakhomo pa mwanayo kukacheza naye. Sindikukuuza kuti upeputse chilango cha mpingo, pakuti n'chofunika, koma chikachokera kwa munthu amene mwanayo sanamvepo mawu ake achikondi chimangomuthamangitsa.

Kumbukira mmene mpingo wathu wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, unakulira. Amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 anali ochepa, ndipo sakanatha kufikira midzi yonse ya ku Dowa, Dedza ndi Lilongwe. Amene ananyamula Mawu anali aphunzitsi a sukulu za m'midzi, anthu okhala pakati pa ana awo omwewo, amene ankaphunzitsa kuwerenga mkati mwa sabata, kuphunzitsa kalasi, ndi kutsogolera mapemphero Lamulungu. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, wodziwa kuwerenga ankawerengera ena pabwalo, ana ali pomwepo kumvetsera. Amayi a Chigwirizano, bungwe la amayi mumpingo, ndi alangizi nawonso anatenga udindo umene Paulo anaupereka pa Tito 2, woti amayi okalamba aphunzitse amayi aang'ono, ndipo ankawatsata mpaka kumtondo ndi kuchitsime. Chikhulupiriro chinkayenda chifukwa wamkulu ndi wamng'ono ankapezeka pamalo amodzi.

Zimenezi ndi zimene zikusowa m'tauni. Ndinaona ndekha nditabwera kwanuko kuti achinyamata amadzaza mapemphero a Chingerezi m'mamawa, ndipo akamatuluka ndi pamene akuluakulu akulowa m'mapemphero a Chichewa, moti mibadwo iwiriyi imangopatsana moni pakhomo pa tchalitchi. Sindikutsutsa mapemphero a Chingerezi ayi, koma ngati akulu sachitapo kanthu, mudzakhala ndi mipingo iwiri yosadziwana m'nyumba imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko muno sanakwanitse zaka 18, choncho amene mukuwayesa kagulu kapadera ka mumpingo ndiwo mpingowo.

Pempho langa ndi loti usamapite wekha kuntchito za ukulu. Ukamapita kukaona wodwala ku Kamuzu Central, tenga mnyamata mmodzi kapena awiri, aone mmene munthu amakhalira pambali pa bedi, mmene amasankhira mawu, ndi nthawi imene amangokhala chete. Kusiwa apite nawe, amve nyimbo zimene amayi amayimba usiku wonse, kuti adziwe kuti nyimbo zimene amaziyesa zachikale zili ndi ntchito yake pa tsiku la misozi. Kumlaga, kumene akhristu a dera limodzi amasonkhana kupemphera, muwapatse kuwerenga Mawu ndi kupemphera, ndipo wina akasokoneza usamudzudzule pagulu, koma umuitanire pambali pambuyo pake. Ambiri a iwo anatsogolera kale anzawo mu SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, ali kusekondale, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti akabwerera ku mpingo wawo ntchito imene timawapatsa ndi yonyamula mabenchi basi.

Akakufunsa mafunso ovuta, monga chifukwa chimene timabatizira makanda, kapena kumene chopereka chimapita, usawatseke pakamwa ndi mwambi uja woti mawu a akulu akoma akagonera. Mwambiwo ndi woona, koma akulu ena amabisalamo pamene alibe yankho. Tsegula nawo Baibulo ndi Katekisimu, ndipo pa za ndalama uwaonetse kaundula, chifukwa mwana amene wabisiridwa kanthu amakafunsa kwina, ndipo kumeneko amakapeza womuyankha, kaya molondola kaya molakwika. Pa Oweruza 2:10 timawerenga za mbadwo umene unauka wosadziwa Yehova kapena ntchito zimene anachitira Israyeli. Ine ndikawerenga vesili sindidandaula kwambiri za anawo, koma za makolo amene anaona zodabwitsa zonse zija n'kulephera kuzifotokoza.

Usaiwalenso pakhomo pako. Misonkhano ya akulu imadya nthawi, ndipo taonapo akulu a mpingo olemekezeka amene ana awo anakula osamvapo bambo awo akupemphera m'nyumba, monga zinachitikira Eli amene ankatumikira m'nyumba ya Yehova ana ake akuwonongeka. Mapemphero a madzulo asaphonyeke ngakhale utafika wotopa, ndipo ana azisinthana kuwerenga m'Chichewa kuti lilime lisawaume.

Amayi ako akuti sukulu ikatsekera uwatumize adzukulu kuno adzakhale milungu ingapo, chifukwa akufuna kuwaphunzitsa nyimbo ndi kupita nawo kumlaga. Utidziwitse tsiku limene adzakudalitseni, kuti tikonzekere ulendo nthawi ikadalipo. Upereke moni kwa abusa ndi kwa onse a m'nyumba mwako.

Ndine bambo ako wokukonda.