Wonyamula makalata asasenze yekha ngongole za positi

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu. Ndikufuna ndithirepo ndemanga pa sitiraka ya ogwira ntchito ku positi m'dziko la Canada, chifukwa zomwe anthu akuyankhula zikundiwawa. Ati anthuwa ndi adyera, ati ntchito yawo idatha kale, ndani akulembanso kalata masiku ano? Ine ndidagwira ntchito ya positi mpaka kupuma. Ndidayamba ndi kunyamula thumba, kenako ndidakalowa m'chipinda chosankhira makalata, choncho ndiloleni ndinene zomwe ndikuziona.

Pa 15 Novembala 2024 ogwira ntchito pafupifupi 55,000 a Canada Post adanyanyala ntchito motsogozedwa ndi bungwe lawo la CUPW. Iwo adapempha kuti malipiro akwere ndi 24 peresenti pa zaka zinayi, mabwana adati angakwanitse 11.5 peresenti basi. Khirisimasi ili pafupi, nduna ya zantchito Steven MacKinnon idapititsa nkhaniyo ku bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo anthu adalamulidwa kubwerera pa 17 Disembala. Adabwereradi, koma mkangano udali pomwepo. Mu Seputembala 2025 adanyanyalanso, boma litalola kuti positi isiye kukatula makalata pakhomo la munthu aliyense.

Ambiri amangoyang'ana maperesentiwo n'kumati nkhani yonse ndi ndalama. Koma pomwe padavuta kwambiri ndi pa funso la amene azinyamula maphukusi Loweruka ndi Lamulungu. Mabwana adafuna kulemba anthu ogwira maola ochepa, bungwe la ogwira ntchito lidaopa kuti ntchito zokhazikika zizitha pang'onopang'ono. Ine mantha amenewo ndikuwamva, chifukwa ndidaziona ndi maso. Kumene ndinkagwira kudabwera aganyu. Mnyamata ankaima pambali panga, tebulo lomwelo, matumba omwewo, fumbi lomwelo, koma iye alibe penshoni, akadwala tsiku limenelo salipidwa, ndipo ntchito ikachepa ankangouzidwa kuti mawa usabwere. Wolembedwa ntchito akapuma, malo ake sankalembaponso wina. Palibe adachotsedwa, komabe patapita zaka tidazindikira kuti okhazikika tatsala ochepa.

Sindikunena kuti mabwana akunama akamati ndalama palibe. Canada Post idaluza madola 748 miliyoni a dzikolo mu 2023 mokha. Makalata adatsika kuchoka pa 5.5 biliyoni mu 2006 kufika pa 2.2 biliyoni mu 2023. Ku Britain n'chimodzimodzi: positi ya kumeneko, Royal Mail, inkanyamula makalata 20 biliyoni pachaka cha m'ma 2004, lero safika ndi theka lomwe. Mabilu a magetsi, malipoti a kubanki, zonse zidasamukira pa foni ndi pa intaneti.

Koma taonani chomwe anthu sachiganizira. Chiyambire 1840, pamene Rowland Hill adabweretsa sitampa ya mtengo umodzi ku Britain, maziko a positi ndi oti kalata ifike kulikonse m'dziko pa mtengo wofanana, kaya ikupita kuseri kwa msewu kaya ku chilumba chakutali. Lamulo limenelo likadalipo. Ndiye makalata akachepa, msewu sufupika. M'thumba mukhale makalata ambiri kapena ochepa, zipata zogogoda ndi zomwezo, agalu ndi omwewo, mvula ndi yomweyo, ndipo nyumba zikumangidwa zatsopano chaka chilichonse. Pamene makampani ena onyamula maphukusi amasankha mizinda yomwe muli phindu, n'kumalipira madalaivala awo pa phukusi lililonse, positi ilibe ufulu wokana mudzi wakutali. Kuluzako ndi mtengo wa lonjezo lomwe boma lidapereka kwa nzika zake. Nanga bwanji bilu yake ikaperekedwe kwa munthu woyenda pansi ndi thumba?

Ndipo ntchitoyo siidapepuke ayi. Kalata ndi pepala, koma phukusi ndi nsapato, mabuku, zitsulo za galimoto, nthawi zina chinthu choti anthu awiri agwirizane. Anzanga ambiri adapuma ali ndi msana ndi mawondo zowonongeka. Ku Britain, pa sitiraka ya 2022 yomwe anthu oposa 100,000 adanyanyala masiku 18 apatalipatali, limodzi mwa madandaulo lidali loti timakina tomwe amanyamula timalondola mayendedwe awo, n'kumaonetsa kuti waima nthawi yotalika bwanji. Aphungu a nyumba ya malamulo adamufunsa kwambiri mkulu wa Royal Mail, Simon Thompson, za nkhani imeneyi, ndipo mu 2023 adatula pansi udindo. Kamakinako sikadziwa kuti waima chifukwa gogo wakupempha umuwerengere kalata ya kuchipatala poti maso adafooka. Kamangoona kuti wachedwa.

Ena amati ntchito yotere aliyense angaigwire. Afunseni a ku America. Mu Malichi 1970 ogwira ntchito ku positi pafupifupi 200,000 adanyanyala ngakhale lamulo linkawaletsa, ndipo pulezidenti Richard Nixon adatumiza asilikali ku New York kuti akasankhe makalata. Asilikaliwo adalephera kuyendetsa ntchitoyo monga eniake. Mapeto ake malipiro adakwera, ogwira ntchito adapatsidwa ufulu wokambirana za malipiro awo, ndipo mu 1971 padabadwa USPS, positi ya ku America yomwe ilipo lero. Kusankha makalata kumafuna mutu. Uyenera kuwerenga zolemba zokhotakhota, kudziwa kuti msewu uwu udasintha dzina, kuti banja lija lidasamuka, kuti mayina awiriwa amafanana koma malo ake ndi otalikirana.

Anzanga a m'mabungwe a ogwira ntchito nawonso ndiwauze mosabisa. Sitiraka ya positi masiku ano ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Kale tikanyanyala dziko linkaima. Lero wamalonda amene maphukusi ake atsekeredwa mwezi wathunthu amapeza kampani ina, ndipo ambiri sabwereranso. Amene amavutika kwenikweni ndi wokalamba, wakumudzi, wamalonda ang'onoang'ono, anthu omwe alibe kwina kothawira. A CUPW adachita bwino kuvomera kuti macheke a penshoni ndi a chithandizo cha boma azifikabe kwa eniake sitiraka ili mkati. Kukaniratu kusintha kulikonse sikungathandize. Ngati anthu akufuna maphukusi Lamulungu, anyamulidwe Lamulungu, bola wonyamulayo akhale wolembedwa ntchito mokwanira, wodziwa maola ake, wokhala ndi penshoni.

Chomwe chimandinyansa ndi khalidwe la maboma. Amakhala chete mabwana ndi antchito akukokana, ngati nkhaniyo siikuwakhudza, kenako zikafika poipa amatulukira ndi lamulo loti bwererani kuntchito. Mabwana akadziwa kuti boma lidzawapulumutsa, adzakambirana moona mtima chifukwa chiyani? Boma ndilo lidalamula kuti kalata ifike paliponse. Ngati likufunabe zimenezo, liikepo ndalama poyera monga limachitira ndi misewu. Ngati silikufuna, liuze nzika zake pamaso kuti makalata azibwera kawiri pa sabata, anthu aliweruze pa chisankho.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi loti atolankhani anu akamadzalembanso za sitiraka ya positi, kaya ndi ya dziko liti, asamangotiuza maperesenti. Afunse kuti mwa ogwira ntchitowo aganyu ndi angati, thumba limalemera bwanji, ndipo munthu mmodzi akuyenda zipata zingati poyerekeza ndi zaka khumi zapitazo.

Ndine,
Wopuma pa ntchito ya positi