Fumbi la asibesito likudwalitsa amisiri

Akonzi,

Boma liletse kuphwanya ndi kudula malata akale a asibesito popanda chitetezo. Nyumba zambiri zakale zinafoleredwa ndi malata amenewa, ndipo pano zikukonzedwa. Lata likakhala lathunthu silivuta kwenikweni. Vuto limayamba akalidula ndi grinder kapena kuliponya pansi, chifukwa mumatuluka timaulusi tosaoneka ndi maso timene timakakamira m'mapapo. Timaulusiti timayambitsa khansa imene imatha kuoneka patatha zaka 20 mpaka 40, mmisiri atasiya kale ntchitoyo. Ngati amasutanso fodya ndiye zimanyanya.

Kansalu komanga pamphuno sikatchinga timaulusiti. Pamafunika masiki yosefa fumbi losaoneka ndi maso, ya mtundu wa FFP3, yogwira bwino nkhope. Malata ayambe anyowetsedwa, amasulidwe athunthu osawaswa, kenako akulungidwe kawiri m'pulasitiki wokhuthala. Fumbi lisasesedwe louma. Ovolosi isapite kunyumba, poti wochapayo naye amapuma fumbi lomwelo, ana ali pomwepo.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 lilipo kale. Unduna wa Zantchito uzitumiza oyendera m'malo omanga, ndipo kontirakitala wosapereka zida zodzitetezera azilipitsidwa chindapusa, ntchitoyo n'kuimitsidwa.

Wokhudzidwa,
Blantyre